Sukulu imene Tadala wasankha

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Birmingham tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwakana kusamuka. Bambo ake a Tadala bondo lija likuwavutabe, koma kuchipatala sapita, ati anakwatira nesi ndiye basi. Kumudzi achimwene akuti chimanga chacha bwino, ndipo alamu anachira, ndi mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu. Ine ndinabzala maungu kuseri kwa nyumba kuti tizidyako nkhwani, koma nkhono za kuno, mayo ine, zinaseteka masamba onse n'kundisiyira ndodo zokhazokha.

Chandikhazika pansi ndi nkhani ya mdzukulu wanu Tadala. Kamwana kamene munakasiya kakugweruka mano kaja lero ndi namwali wamtali kuposa ine, ndipo akufuna udokotala. Kuno mwana sayamba wapanga digiri ina. Amangochoka ku sekondale n'kulowa sukulu ya udokotala, zaka zisanu zathunthu. Amaloledwa kufunsira malo anayi okha, ndiye pali mayeso, pali maintavyu, mwana anaonda ndikumuona. Ankandikhazika kukhitchini kuti ndizimufunsa mafunso, ine ndimufunse m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi chake chothamanga chija. Sukulu ziwiri zinamukana, tinalira. Ziwiri zinamutenga, tinavina mpaka aneba anagogoda khoma.

Vuto linayambira pomwepo. Sukulu imodzi ili pafupi, atha kumapita pa sitima n'kumagona pakhomo. Kumeneko ana amaphunzira thupi la munthu pa ziwalo zimene aphunzitsi anakonzeratu. Inayo ili kutali kumpoto, ndipo ndi imene mtima wake uli. Nditamufunsa chifukwa, anandiuza nkhope ili ngwee kuti kumeneko gulu lililonse la ana amalipatsa mtembo wathunthu, aziutsegula okha pang'onopang'ono mpaka chaka chithe. Mtembo wa munthu, Amayi! Ati ndi anthu amene anasaina okha ali moyo. Akamwalira sapita kumanda, amayamba adikira, ena mpaka zaka ziwiri kapena zitatu.

Ndinayika supuni pansi. Ine ndine mwana wanu, ndinakulira kuseri kwa chitseko cha chipinda chimene inu munkasambitsiramo maliro a m'mudzi monse. Pakagwa zovuta, anthu asanapite n'komwe kwa abusa ankayamba athamangira kwa inu. Madzi munkafuna ofunda, osati ozizira. Munkafunditsa munthu chitenje mbali imene simukusambitsa, ndipo musanamutembenuze munkamupepesa. Tikafunsa, munkati, "Wakufa amamva, kungoti ulemu wamuchulukira, sayankha." Ndiye mwana wotuluka m'nyumba yotereyi akagwire mpeni pa munthu wosayikidwa? Ndinamuuza Tadala kuti ine ndili moyo zimenezo ayi.

Sanakangane nane, ndipo n'chimene chinandipweteka. Anangoti chabwino Mami, ndisankha yapafupi. Anachotsa chithunzi cha sukulu ija pa firiji. Ankadya, ankatsuka mbale, ankapita kusukulu, koma nyumba inangoti zii ngati tafedwa. Tsiku lomaliza loyankhira linkayandikira, iye osakhudza kompyuta.

Nthawi yomweyo ndi pamene inu munayamba kubwera. Ndikaweruka shifiti n'kugona tulo ta masana, ndimakuonani mutagona pa tebulo lachitsulo, m'chipinda chowala kwambiri, mulibe chofunda. Ndimafunafuna chitenje m'chipinda monse, osachipeza. Simundikalipira, simulankhula, mumangondiyang'ana. Ndikuuzeni zoona, ndinayamba kuopa bedi langa lomwe. Ndinkati mwabwera kudzandiuza kuti ndisamulole mwanayo.

Kenaka ku wodi kwathu ku Bordesley Green kunabwera gogo wina wachizungu. Dzina sindikuuzani, ntchito siilola. Anali wamng'ono thupi, wolongolola, zikhadabo zake zopaka zofiira. Moyo wake wonse anagwira ntchito m'fakitale ya maloko. Tsiku lina ndikumusintha zofunda anandiuza kuti iye anasaina kale, akamwalira thupi lake lipite kwa ana a sukulu. Ndinamufunsa ngati sakuopa. Anaseka mpaka kutsokomola, ati sukulu anasiyira panjira ali kamtsikana, ndiye ulendo uno akukalowa yunivesite, palibe womubweza pageti. Ndinamuuza za Tadala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti chimene akuopa ndi chimodzi chokha, kugwera m'manja mwa mwana wopanda mwambo. Anati, "Wakoyo ukuti ndi waulemu, ndiye ukumubisiranji?"

Anamwalira ine ndili pantchito. Ndinamusambitsa ndekha pamodzi ndi nesi mnzanga, madzi ofunda, monga munkachitira inu. Zofiira za m'zikhadabo ndinazisiya, anali atandipempha. Titamaliza ndinaima pakhonde kuyang'ana akumukankha pa kabedi ka matayala. Kunalibe nyimbo, kunalibe bokosi, kunalibe womuperekeza. Ndayikapo anthu ambiri m'manja mwa a kumotchale, koma uyu yekha ndi amene ndinamulirira m'chimbudzi cha antchito. Ndinkangoganiza kuti kwinakwake kuli kamwana ka zaka za Tadala kamene kadzamuvundukule, ndipo sindikudziwa ngati kwawo anakaphunzitsa kupepesa.

Nditafika kunyumba ndinamuitana Tadala kuchipinda. Ndinagona pabedi, ndinamupatsa beseni ndi chitenje, ndinati lero ine ndamwalira, ndisambitse. Anayamba n'kuseka, kenaka anaona kuti sindikuseka. Ndinamuonetsa poyambira, pofunditsa, pogwira mutu kuti usagwe. Pofika ponditembenuza, anaima kaye, n'kunena m'Chichewa chake chopindika chija, "Pepani Mami, ndikutembenuzani." Misozi yake inandigwera pakhosi. Ndinadzuka n'kumuuza kuti katenge kompyuta. Anasankha ya kumpoto ine nditakhala pambali pake, beseni likadali pansi.

Ndinkayesa kuti zikatero musiya kubwera, kapena mubwera mutakwiya kuti ndidziwe kuti ndalakwa. Koma dzulo masana munabweranso chimodzimodzi, tebulo lomwe lija, maso omwe aja. Amayi, ine sindikudziwa chimene mukufuna. Ngati ndalakwa, mlandu ndi wanga, mwanayo musamukhudze. Ngati sindinalakwe, ndiye dzukanipo pa tebulopo, mwagonapo mokwanira. Mupite naye. Tsiku limene adzalowe m'chipinda cha mitembo koyamba mudzaime kumbuyo kwake, chifukwa ine sadzandilola kulowa.

Mwezi wa Seputembala ndidzamuperekeza ndekha. Ndikukulonjezani kuti sindidzalira iye akuona, ndipo chaka chikadzatha, pa mwambo umene sukuluyo imachita wothokoza anthu anadziperekawo, ndidzapita ndi yunifolomu yanga ya Mvano, ndikayimbe nyimbo ya maliro ngakhale ndikhale ndekha woyimba.

Pempho langa lomaliza ndi la gogo uja. Sindikudziwa ngati munthu wosayikidwa amafika kumeneko msanga kapena amadikira panjira. Mukamuona mudzamudziwa ndi zikhadabo zofiira. Ngati sanafike, mumusungireko malo pafupi ndi inu, achedwa pang'ono, ali kusukulu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati