Nkhumba ya Ukwati Wanu, Achimwene

Mildura, 14 Julaye

Okondedwa achimwene a Kalfau,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kwathuko ku chilumba cha Nguna? Nanga chifuwa cha amayi chija chinatha? Ine moyo ulipo, koma zinthu sizili bwino. Mundikhululukire zilembo zokhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Milungu itatu yapitayo ndinagwa pamakwerero ndikuthyola malalanje, mkono wamanja n'kuthyoka. Adokotala akuti ndikhale miyezi iwiri osanyamula kanthu. Bwana amene anatibweretsa kudziko lino kudzagwira ntchito m'minda ya zipatso anandikumbutsa kuti ndikadali ndi ngongole ya ndege ndi ya nyumba, madola 1,400. Kenako anatulutsa pepala. Akuti iye aiwale ngongoleyo, inenso ndimumasule pa miyezi isanu ya ntchito imene inatsala, aliyense aone msana wa njira. Mayi wina wakutchalitchi wodziwa malamulo anandiwerengera, n'kundichenjeza kuti ndikangosaina nkhani yatha mbali zonse, sindidzabwereranso kudzapempha kanthu. Ndinalira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinasaina. Ndibwera mwezi wamawa chimanjamanja.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi amalume a Kalmelu. Ndalama za kwathu zija, mavatu 90,000 amene anandikongoza a ulendo wobwera kuno, paja tinagwirizana kuti ndikalephera kubweza pofika Khirisimasi atenga munda wa kokonati wa malemu bambo. Dzana anandiimbira foni. Nditawafotokozera anangoti, "Mwana wa mlongo wanga, ine sindidya misozi." Munda umenewo ukapita, amayi adzadya chiyani?

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikuchita nalo manyazi. Mutenge nkhumba yanu ya mano opindika ija ndi mphasa zamwambo zisanu, mupite nazo kwa amalume. Muwapemphe azilandire m'malo mwa ndalamazo. Pakhale akulu a mpingo awiri, ndipo amalumewo anene ndi pakamwa pawo, alembenso papepala, kuti ngongole yatha ndipo munda ndi wathu. Asangogwedeza mutu ayi, mukuwadziwa.

Ndikudziwa kuti nkhumbayo mwaiweta zaka zisanu ndi chimodzi kuti mukapereke kwa makolo a Leitau, ndipo ukwati wanu uchedwa chifukwa cha ine. Mukakana sindikwiya, koma ndilibe kwina kolowera.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali ndi ana a achemwali. Za ngoziyi amayi musawauze, ndidzawauza ndekha. Koma alamu anga a Leitau muwauze zonse. Akafuna wokwiyira, akwiyire ine, osati inu.

Ndine mlongo wanu,
Leisande