Mwala Womaliza wa Ababa

Lolemba, 14 Meyi 1934

Masabata asanu ndi anayi chimwalirireni Ababa. Ndikuwerengabe.

Ku tiyirumu anthu anali ochepa, mvula. Alendo amafika atakwera chitunda cha Steep Hill ali wefuwefu, n'kukhala pansi asanavule ndi zipewa zomwe. Funso ndi lomwe lija: "Kachiwanda kamwala kaja kali mbali iti m'tchalitchimo?" Ndimangoloza ndi dzanja. Mayi Dring, eni tiyirumu, amati mawu anga ndimawasunga ngati makapu a m'kabati, otulutsa kamodzi pa chaka.

Cha m'ma 4 koloko anabwera Bambo Maltby, amene anasema miyala shedi imodzi ndi Ababa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anakana kukhala, ati angadetse mpando. Ati mwala umene Ababa anausiyira panjira, mutu uja wamakutu akuluakulu, akuumaliza iwowo, ndipo ukwezedwa pa nsanja ya tchalitchicho Lachisanu la sabata yamawa. "Ndati udziwe, Winnie. Ukawauzenso amayi ako."

Ndinati zikomo. Basi.

Chimene ndinafuna kufunsa ndi ichi. Mmisiri aliyense akamaliza mwala amasemapo chizindikiro chake, mbali yolowa m'khoma, kumene sikudzaonekanso. Cha Ababa chinali ngati phazi la nkhuku: mzere umodzi wautali, iwiri yaifupi kunsi kwake. Ankachisema pomalizira penipeni. Mwala uwu sanaumalize. Ndiye pakhala cha yani?

Lachiwiri, 15 Meyi

Ndawauza Amayi. Sanasiye kusita. Ati, "Aukweze. Akafuna akweze ndi shedi yomwe." Kenaka anapsereza kolala ya malaya a eni, zimene sanachitepo.

Lachitatu, 16 Meyi

Nthawi yopuma ndinafika mpaka pa geti la bwalo la amisiri. Mawu ndinawakonza kuyambira m'mawa, ndinawabwereza potsuka makapu, pokwera chitunda. Nditamva nyundo zikugogoda m'katimo, mawu onse anandithawa. Pamalo pa Ababa paima munthu wina, wamtali, sindikumudziwa.

Ndinanamizira kumanga chingwe cha nsapato, n'kubwerera.

Pafupi ndi chipata panali bambo ndi mayi a ku Sheffield ndi kamera. Bamboyo akudandaula za makwerero a amisiri amene akuta nsanja. "Ulendo wonsewu kudzajambula mitengo ndi zingwe?" Mayiyo ati, "Jambulani ineyo, sanandimange mitengo." Anandipempha kuti ndiwagwirire ambulera. Ndinawagwirira.

Lachisanu, 18 Meyi

Ndafunsa. Osati ndi pakamwa. Ndinalemba papepala, katatu, mpaka zilembo zinaongoka, kuti ndikalephera ndingopereka. Ndinalepheradi, ndinangopereka.

M'shedi muja Bambo Maltby (B.M.) anapukuta manja, navala magalasi. Mizere iwiri yokha koma anaiwerenga nthawi yaitali.

"Sindingathe, mwanawe."

Ndinangoyang'ana pansi.

"Munthu sasema chizindikiro cha mnzake. Chimene chija chimanena kuti dzanja langa linali pano. Nditasema cha bambo ako Horace ndiye kuti ndaunamiza mwala, ndipo Horace yemweyo akanandigenda ndi nyundo."

Ndinati, ndiye muikapo chanu? Mawu anatuluka okha, aang'ono.

"Ayi. Theka la ntchitoyi si langa. Ukwera wopanda kanthu."

Wopanda kanthu. Miyala yonse ya Ababa, mazanamazana m'makoma amenewa, ili ndi phazi la nkhuku. Womalizawu udzakhala ngati unagwa kumwamba.

Anavundukula chiguduli pamwalapo kuti ndiuone. Mutu woseka, diso limodzi lotsinzina. Diso lotsinzinalo ndi la Ababa, ndinawaona akulisema mu Febuluwale, akutsokomola kale. B.M. anagwira khutu la mwalawo. "Awa ndi makutu anga awa. Anachita dala, mfiti imeneyi. Ndikhala pamwamba apo zaka mazana asanu nkhunda zikundinyera." Anaseka, kenaka anamina kwambiri m'kansalu, natembenukira kukhoma.

Loweruka, 19 Meyi

Ndinapereka tiyi wopanda masamba pa tebulo la pawindo. Madzi otentha okhaokha. Abusa awiri a ku Norwich, mmodzi anathira mkaka n'kumwa ndithu osanena kanthu. Mayi Dring ati, "Iwe mtsikana, ubatizo ndi wa kutchalitchi, kuno timagulitsa tiyi." Atandiona nkhope ananditumiza kukhitchini kukadula masikono, n'kutseka chitseko. Sanalowemo mpaka nditatha.

Lamlungu, 20 Meyi

Kumanda ndi Amayi titatuluka m'mapemphero. Pamanda pa Ababa pakadali thabwa, mwala sunaikidwe. Ati dothi liyambe lakhazikika.

Amayi anazula udzu ndi manja, osavula magolovesi. Ati, "Zaka makumi atatu akusemera akufa a eni. Iye wagona pansi pa thabwa."

Ndinawauza za chizindikiro. Ati, "Ndani akachione pamwamba apo? Khwangwala?" Kenaka: "Ine anandikwatira Loweruka, Lolemba n'kubwerera kwa mkazi wake wamkulu, tchalitchi chija. Mu Febuluwale ndinamuletsa, ndinati Horace chifuwachi, gona. Ati diso latsala pang'ono. Diso!"

Sindinawamvepo akulankhula zambiri chonchi. Pobwerera anadzera njira ya kumunsi, yozungulira, kuti tisadutse patchalitchi. Mabelu anatitsatirabe.

Thumba la zida za Ababa lili pansi pa masitepe. Ati ndisaligwire.

Lolemba, 21 Meyi

Tchuthi. Mabasi asanu ndi awiri, a ku Leeds, a ku Nottingham, ena sindinawerenge. Masikono anatha 2 koloko isanakwane. Mapazi akuwawa.

Anthu atachepa analowa B.M. atavala suti, ndipo lero anakhala. Ati akhala akuganiza za ine sabata yonse ndipo tulo sakuliona bwino, choncho ndiwapatse tiyi wa masamba, amva mbiri yanga. Mayi Dring sasunga nkhani.

Anaviika chala m'tiyi wotayikira, najambula patebulo: mtanda, ndi kamzere pamwamba. "Changa ichi. Mtandawu unali wa bambo anga. Atamwalira ndinautenga n'kuonjezapo kamzereka. Ndi mmene zimayendera. Mwana amatenga cha bambo wake, amaonjeza kamodzi, kuti anthu adziwe kuti mwini wake anapita, watsala ndi mwana." Anafufuta ndi chigongono cha suti. "Horace akanakhala ndi mnyamata, bwenzi nkhaniyi itatha kale."

Ndinanyamula kapu kupita nayo kukhitchini. Ndinaitsuka, ndinaipukuta, ndinaikoloweka. Ndinabwerera. Anali atavala kale chipewa.

Ndinati, "Bambo Maltby, lamulolo limati mnyamata, kapena limati mwana?"

Mayi Dring anasiya kupukuta tebulo.

B.M. ati, "Sizinachitikepo."

Mayi Dring ati, "Sanakufunseni zimenezo, Cyril."

Anakanda khutu. Ati woika chizindikiro ayenera kuti wagwirapo ntchito pamwalapo, ngakhale pang'ono, ndipo asema ndi dzanja lake. Ati tchizulo ikaterereka n'kubenthula m'mphepete, ntchito ya Horace yonse yaonongeka, palibe kumata. Ati afunse kaye mkulu wa amisiri. Potuluka ati, "Sindinalonjeze kanthu, wamva?"

Lachiwiri, 22 Meyi

Ndatenga tchizulo yaing'ono ndi nyundo yamtengo m'thumba la Ababa, Amayi ali kokapereka zovala. Ndinamanganso thumbalo mfundo yomweyo. Sindinawabisirepo kanthu chibadwire. Chigwiriro cha nyundo chinaperepeseka mbali imodzi, pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Changa sichikwanapo.

B.M. anasiya chibenthu cha mwala pakhomo la kuseri kwa tiyirumu.

Ndayesa nthawi yopuma. Mizere khumi ndi iwiri, yonse yokhota. Kawiri mwala unabenthuka.

Lachitatu, 23 Meyi

Matuza awiri, limodzi laphulika. Kunyumba ndimabisa dzanja m'epuloni.

Ndazindikira chinthu. Ndimamenya mwamantha, ndiye tchizulo imadumpha. Ababa ankamenya pang'onopang'ono koma osalekeza, ngati wotchi, ndipo sankayang'ana nyundo, ankayang'ana kunsonga. Ndinkawatengera chakudya chamasana kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinkakhala pa bokosi n'kumaonerera. Sindinadziwe kuti maso anasunga.

Mapazi a nkhuku asanu ndi limodzi. Awiri ndi abwino. Mayi Dring anasuzumira pakhomo ati, "Nkhuku yako yayenda bwalo lonse, iikira liti?"

Kamzere koonjezera sindinayesepo. Ndimafika pamenepo n'kuika nyundo pansi.

Lachinayi, 24 Meyi

Avomera. B.M. ati mkulu wa amisiri anasuta mpaka fodya anazima m'kaliwo, kenaka ati, "Zanu zimenezo, ine ndikhala ndikuyang'ana kwina." Mawa 7 koloko, asanamange zingwe. Mayi Dring andipatsa tsiku lonse.

Amayi sindinawauze. Ndinatsegula pakamwa kawiri pa chakudya chamadzulo. Ati, "Ukudwala?" Ndinati ayi.

Lachisanu, 25 Meyi

Ndilemba zonse mwadongosolo kuti ndisadzaiwale.

Ndinafika isanakwane 7. Amisiri asanu ndi mmodzi m'shedi, onse akunamizira kunola zida. Wamtali uja ati, "Lero tikhala ndi tiyi wapabedi?" B.M. ati, "Tseka pakamwa, Ingall, ungameze tchizulo." Palibe anaseka.

Mwala anali ataugoneka pa matumba a udzu. Kuseri kwa khutu lamanzere B.M. anasiya katsitsi kamodzi kosamaliza, kotalika ngati chala. "Ako aka. Ntchito yako." Ndinakasema mphindi makumi awiri. Mmisiri akanatha m'ziwiri. B.M. anapitsapo chala, napemerera fumbi, ati, "Kakhala."

Kenaka anautembenuza. Mbali yosalala, yoyera mbee, yopanda kanthu.

Ndinajambula kaye ndi pensulo. Mzere wautali unayenda bwino. Chala chamanzere bwino. Chakumanja chinafupika pang'ono, koma cha Ababa nachonso chinkatero nthawi zina. Nditachotsa dzanja, chinali chawo ndithu. Ngati angotulukako kukasuta, abwera pompano.

Ndinaima. Ndinaganiza kuti nditaika nyundo pansi tsopano, mwala ukwera ndi chizindikiro cha Ababa chenicheni, monga ndinafunira poyamba. Ndinayang'ana B.M. Anadziwa. Sanandiletse, sanandikakamize. Anangonena motsitsa mawu, "Dzanja la yani linali apa, Winnie?"

Ndinapukuta m'maso ndi mkono. Ndinaika tchizulo pamwamba pa mzere wautaliwo, chopingasa. Kumenya kasanu ndi kawiri. Kamzere kakang'ono, koongoka.

Ingall anavula chipewa. Enawo anatsatira.

Anaukweza itangopitirira 10 koloko. Unkazungulira pang'onopang'ono pachingwe, nkhope, msana, nkhope, ukuchepa. Panali alendo ambiri pabwalo, ana akuwomba m'manja. Utafika pamwamba amisiri anaukokera m'kati mwa makwerero, sindinauonenso. Ndinadikirabe mpaka khosi linawawa.

Ndinatsika chitunda nyundo ili m'thumba la jasi. Sindinadziyang'ane.

Amayi anali pakhomo akukutumula mkeka wopondapo. Anandiyang'ana tsitsi, mapewa, nsapato. Fumbi loyera paliponse. Anaona chigwiriro cha nyundo chitatulukira. Ndinadikira kuti akalipe.

Ati, "Ima pomwepo. Usandilowetsere fumbi m'nyumba."

Ndi mawu amene ankawauza Ababa madzulo alionse. Analowa, natuluka ndi burashi ya kuseri kwa chitseko. Anayamba phewa lamanja, mwamphamvu, kenaka msana. "Tembenuka." Ndinatembenuka. Atafika paphewa lamanzere burashi inaima. Dzanja lawo linakhala pomwepo, lolemera.

Ati, "Chizindikirocho chinaongoka?"

Ndinati eya, Amayi.

Ati, "Kweza mkono." Ndinakweza.