Nkhuku ya Odwala

Lachinayi madzulo. Mtima wanga uli phuliphuli.

Amayi akhala akukana chakudya sabata yonse, koma m'mawa anati, "Mwanawe, ndikulakalaka msuzi wa nkhuku yachikuda." Ndinathamangira kumsika ku Old Town, n'kudzaiphika yopanda mchere monga ananenera adokotala, kenako ndinapita kuntchito ku Area 9.

Pobwera ndapeza mafupa okhaokha. Kunabwera alamu anga ndi anzawo kudzazonda odwala, chimanjamanja. Amayi, munthu wosatha n'kuima komwe, anadzikoka n'kuwapakulira, poopa kuti anthuwo angakanene kuti pakhomo pano timamana.

Amayiwo angomwa phala basi. Ndipo alamuwo asiya uthenga woti ndiwo zanga sizinakolere mchere.