Matheka M'kabokosi ka Machesi

Lolemba, 3 Juni 2024
Mapilisi a matenda othamanga magazi a amuna anga aHilary. Theka m'mawa, theka madzulo.
Tinalandila pa 24 Meyi: 28. Nditawathyola pakati: 56/2.
Ndawapatsa: 20/2 = 10.
M'botolo: 36/2 = 18.
Masamu ali bwino. Nanga mapazi ao atupilanjinso? Nsapato zakana kulowa.

Lachiwili, 4 Juni
Pochapa jekete lao ndapeza kabokosi ka machesi m'thumba. M'kati matheka 11. 11/2 ndi 5, kutsala 1, ndiye kuti 5½. Mapilisi asanu ndi theka amene ine ndinawelenga kuti ali m'mimba mwao. Ndakhala pansi pafupi ndi bafa mpaka thovu latha. Ndabweza kabokosiko momwe kanalili.

Madzulo ndawayang'anitsitsa. Amamwa madzi okha, theka lili m'chikhatho.

Lachitatu, 5 Juni
Abisanso. Ndati, "aNjobvu, tambasulani dzanja."
Ati, "Aphunzitsi, munapuma ntchito kalekale. Ine si mwana wa giledi faifi."
Kenaka anena. Akusungila mlongo wao aDainess ku Nyimba. Matenda ndi omwewa, ndipo kachipatala ka kwao mankhwala anatha mu Epulo. Akufuna akwane mapilisi khumi, awatumize pa minibasi.
Ndati theka la mankhwala silichilitsa munthu, mudzafa nonse awili.
Ati, "Tinkagawana chimanga chimodzi chootcha. Lelo ndimeze ndekha?"
Ndawauza kuti Loweluka tipite tikawatenge aDainess, adzalembetse kuchipatala kuno ku Petauke. Avomela ndi mutu, koma kabokosi akana nako. Tsopano 13/2 = 6½.

Lachinayi, 6 Juni
Jerry, mwana wa aDainess, waimba foni m'mawa. Amai ake agwa akusesa pabwalo. Sanadzukenso.

Loweluka, 8 Juni
Taika malilo ku Nyimba. Pamalilo amuna amagona panja, ife akazi m'nyumba, ndiye mankhwala ndimapatsa Jerry kuti akapatse aHilary. Sindinaone ngati akumeza. Kumanda anaima nthawi yonse, atavala patapata, dzanja lili m'thumba la jekete.

Sondo, 9 Juni
Tabwelela kunyumba. Titadya, atulutsa kabokosi, aika patebulo.
"Welengani, amai a Abby. Ndi ntchito yanu."
Ndawelenga kawili. Akadali 13, kumalilo sanabise. Theka la madzulo atenga okha m'botolo, ameza, nkundiyasamila kuti ndione. Sitinaseke.

M'botolo: 22/2 = 11
M'kabokosi: 13/2 = 6½
Pamodzi: 35/2 = 17½
Ndawaika awiliawili pambale. Theka limodzi latsala lokha.

Rabecca Njobvu