Mchombo wa Mwana wa Misozi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Enelesi, mwana wanu woyamba. Ndikuyankhula ndili pakhonde kuno ku Chamboli, wolemba ndi Amake Mutale a kukwaya, poti mukudziwa kuti ine ndi cholembera sitinazolowerane. Ndawauza alembe momwe ndanenera, asakonze.

Chikuikireni m'manda zachitika zambiri. Chimanga chaka chino chapsa ndi dzuwa, koma mtengo wanu wa kotapela, wa mapeyala uja, wabereka mpaka nthambi kuthyoka. Denga la kukhitchini likudontha pomwe paja. Mawondo anga nawo ayamba kukana minibasi.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanga Misozi, mdzukulu wanu. Anamutenga kukagwira ntchito ku mgodi wa ku Ositireliya, kutali m'chipululu. Ndiye amaona za mpweya umene anthu amapuma pansi. Akati apa sipalowedwa, salowa munthu, ngakhale bwana. Bambo ake anapita ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, lero mwana wawo ndiye akuthamangitsa fumbilo. Ku msika ndikamanena zimenezi sinditsitsa mawu. Amagwira ndi Mmwenye, wina wa ku Chile, mayi wa ku Turkey, ndi mnyamata wa ku Ghana amene anamukwatira. Akuti onse amangotchulana maina, ndi wa imvi yemwe. Izo ndinangozimva.

Mwezi watha wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndinafuna kukakhala naye m'chikuta. Ananditumizira zonse zofunika paulendo, ndinapita mpaka ku Lusaka kukadinda zala, koma a ku ofesi anandikaniza chilolezo cholowera ku Ositireliya. Akuti sakukhulupirira kuti ndidzabwerera. Ine, Amayi, kusiya manda anu ndi nkhuku zanga!

Tsono mchombo wa mwana unagwa. Misozi anaimba foni akulira, kufunsa kuti autani. Kuchipatala anamuuza kuti autaye m'bini. Anzake a kuntchito atabwera kudzaona mwana, aliyense ananena za kwawo. Mayi wa ku Turkey anati kwawo amaukwirira pabwalo la sukulu kuti mwana adzakhale wophunzira. Wa ku Chile anaseka, nati kwawo palibe amausamala. Mwamuna wake anati apongozi ndiwo anene. Onse aja ndi masukulu awo anatembenukira kwa ine pafonipo.

Michombo ya ana anga onse munakwirira ndinu, pansi pa kotapela, ine ndili chigonere m'nyumba. Ndinkangomva kakhasu, ndi inu mukunong'ona. Mawu amene munkanena sindinawamve. Ndikafunsa munkati, udzadziwa ukadzakhala ambuye, ukadzaona mdzukulu. Ambuye ndakhala, Amayi, koma inu mulibe.

Munkatinso mwana amabwerera komwe kuli mchombo wake. Ndi zimene zikundiopsa. Ukakwiriridwa kumeneko, ndiye kuti mwanayu tamupereka kwa eni dziko. Komanso nyumba ndi ya kampani, ntchito ikatha adzasamukira kwina, mchombo n'kutsala wokha m'chipululu. Ndinati autumize kuno, akuti a positi salola. Ndinati chabwino, nditape dothi la pansi pa kotapela, ndimutumizire aukwirire mumphika wa maluwa. Akuti dothi la dziko lina nalonso sililowa, pabwalo la ndege pali agalu onunkhiza. Munthu amalowa, nzeru zake azigwiritsa ntchito, koma dothi la kwawo ayi.

Panopa mchombo uli m'kabotolo, wokulungidwa m'kansalu kamene anang'amba pa chitenje chanu cha maluwa chimene ndinamupatsa popita. Tchuthi choti abwere nawo kuno akuti mwina chaka chamawa, mwina china. Mwanayo ndimamuona pafoni, ali ndi chipumi chanu. Ndimasisita galasi, iye samva kanthu.

Ngati n'kotheka mundidzere kutulo, mundiuze mawu aja. Sindichita mantha. Ndikapanda kuwamva ndidzangonena anga, mundikhululukire akadzakhala olakwika.

Kakhasu kanu kaja ndakapeza, ndakaika mpini watsopano, kali kuseri kwa chitseko. Ndakusowani, koma ndikulonjeza kuti sindibwera kumeneko msanga. Mawondo akane, maso ade, ndidikira mpaka ndikumbe ndekha pansi pa kotapela. Malo mundisungire, musandiitane.

Ndine wanu wokukondani,
Enelesi