Makadi Onyezimila ndi Zala za Amayi

Komiti ya Chigwilizano cha Amayi, mpingo wa ku Kabwata
Tsiku: pa Chiwelu, 14 Sepitembala 1985
Malo: kachipinda ka kuseli kwa chalichi

Analipo: Ba Exildah Mpundu (wapampando), Ba Winifred Mukuka, Ba Chisenga, ine Bernadette Njobvu, ndi Ba Hector a ku makina osindikiza, amene tinachita kuwaitana.
Sanalipo: mlembi wathu Ba Christine, anali ku malilo ku Chelstone. Ndiye ine ndikamba monga ndinamvela, iwo alemba.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphelo 2 koloko itapitako pang'ono.

2. Makadi a umembala
Wapampando anati makadi mazana atatu oti tikagawe pa msonkhano waukulu asindikizidwa kale. Chatsala ndi pamwamba pake: apake vanishi kuti anyezimile, kapena akhale chabe chonchi. Ba Hector anaika pa tebulo makadi awili oonelapo, mtundu uwu ndi uwu.

Ba Winifred anati nkhaniyo anaimaliza kale Lachiwili. Anapita pa motoka ku tauni, anauza Ba Hector kuti apake onse mbali zonse, monga makadi a ukwati wa mwana wawo ku Kabulonga. Anati makadi akale anaola ndi thukuta chifukwa amayi amamangilila pa chitenje, koma yonyezimila siopa madzi ngakhale mafuta ophikila a saladi. Apo ananena zoona.

Ba Chisenga anafunsa ngati komiti masiku ano ikukwana pa mpando umodzi wa motoka. Wapampando anati funsolo lisalembedwe. Koma linafunsidwa.

Ba Chisenga anapitiliza kuti amayi ambili mu Chigwilizano sitilemba, timadinda chala kumbuyo kwa kadi, ndipo yopanda chizindikilo cha mwini abusa sailandila. Anatulutsa kabokosi ka inki, anati kwa ine, "Amake Amock, bweletsani chala."

Ndinadinda pa yosanyezimila, chala chinaoneka bwino ndi mizele yake yonse. Pa yonyezimila chinatelela monga pa thelele. Tinadikila. Ba Winifred anati yauma, anapukuta ndi mkono kuti tione. Inki yonse inachoka pa kadi, inapita pa bulauzi yawo yoyela.

Ine ndinali kuwelenga mumtima amayi a ku Kamwala ndi a ku Chilenje amene adzaimilila pamaso pa mpingo ndi kadi yosalandilidwa, ndipo nthawi yosindikizanso palibe.

Wapampando anafunsa pang'onopang'ono, "Ba Hector, mwapaka angati?"

Ba Hector anati, "Amayi, olo imodzi. Vanishi yasowa mu tauni monga sopo. Chitini ndachipeza dzulo chabe, ndimati niyambe pa Mande."

Wapampando anavula magalasi, anapukuta kumaso, anati tiyimbeko vesi imodzi. Tinayimba mavesi atatu.

3. Chigamulo
Ba Hector anati angathe kupaka kutsogolo kokha, kumbuyo kodinda chala ndi kusiya. Tonse tinavomela. Ba Winifred anapempha kuti zilembedwe kuti kunyezimila kwa kutsogolo ndi nzelu yawo. Lembani, Ba Christine, ndi yawo ndithu. Tinagwilizananso kuti wopita ku makina azipita atatumidwa ndi komiti, ndiponso awiliawili. Pa Mande apita Ba Winifred ndi Ba Chisenga, motoka imodzi.

4. Zina ndi zina
Ba Winifred anafunsa chochotsela inki pa nsalu yoyela. Ba Chisenga anati mandimu ndi mchele, ndipo anatenga bulauziyo kuti akachape okha. Ba Winifred anapita kwawo atavala juzi ya wapampando.

Msonkhano wina udzakhala pa 12 Okutobala, malo omwewa. Ba Chisenga anatseka ndi pemphelo 4 koloko.

Wapampando: E. Mpundu
Wolemba: Christine Kabamba
Wokamba: Bernadette Njobvu, chala chake cha kumanja