Monitala ya Kurtis

Lolemba, 3 Febuluwale

Jolene wandipatsa monitala ya Kurtis, sikirini ya kompyuta yake. Wangoti, "Alamu, tengani. Ndikaiona pa tebulo paja ndimayamba kumudikira." Mwezi wangokwana chimuikire m'manda mwamuna wake, mnzanga wa pa gemu kuyambira tili ndi mamina. Ndainyamula pa thiraki nditaifunditsa jekete langa, ine mano ali gwegwegwe. Mmene mukuzizirira mumzinda wa Winnipeg lero, ukalavula malovu akufika pansi ali mwala.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ndailumikiza. Kompyuta yanga ikuiyendetsa pa 60, ndiye kuti chithunzi chikuphethira ka 60 pa sekondi, monga idachokera ku fakitale. Kurtis adaikankha mpaka 75, ndipo ankatisokosera nazo Loweruka lililonse. "Wendell, pamene ukundiona iwe, ine ndimakhala nditakuwombera dzulo." Bodza. Amene ankamubereka pa gemu ndine, chigawo chonse cha Manitoba chikudziwa. Ankati manja angawa ndi a matayala basi, monitala nditha kuiwotcha pongoiyang'ana.

Ndiifikitsa pa 90. Aonere komweko.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndatsegula gemu. Dzina la Kurtis likadali pakona, lotuwa poti sanalowe. Sindinasewere.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndaipha.

Odziwa amati uzikwera pang'onopang'ono, uku ukuyesa. Ine Wendell, wa masitepe? Ndalemba 90 kamodzi n'kamodzi. Sikirini bii. Ndamenya Enter ngati ndikupha mphemvu. Kuzimitsa, kuyatsa, mdima womwewo. Mwini wake wakhala nayo zaka, ine ngakhale sabata sinathe.

Pitsa yaumira m'katoni. Sindinaikhudze.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndamuimbira Jolene kuti ndipepese. Wabwera ndi poto wa mapirogi, timikate towiritsa ta mbatatesi mkati. Nditamufotokozera waseka, kuseka koyamba chichitikire maliro, kenako kwasanduka kulira.

"Sinafe, alamu. Ikada choncho, kuseri kwa mdimawo kumakhala kabokosi kofunsa ngati isunge nambala yatsopanoyo. Mukapanda kukhudza, imabwerera yokha pakale. Inu ndi Enter wanuyo mwavomera."

"Nanga inu mwazidziwira kuti?"

"Mnzanu uja adachita zomwezo kawiri. Adandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni."

Tambwali. Zaka zonsezi kumandinena ine manja a matayala.

Akuti kuyambira pamenepo, ikangoda ankakhalira manja ake, pansi pa ntchafu, mpaka ibwerere. Wandionetsa mmene ankakhalira, mapewa m'mwamba ngati mwana wolangidwa. Ndayang'ana pa windo.

Talumikiza TV ku kompyuta kuti tione zochita, tafufuta 90 uja. Monitala yayaka. Misozi ndanamizira anyezi. M'mapirogimo munalidi anyezi, ndiye asandinene munthu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndakwera ngati nkhalamba pa ayisi. 62, 65, 70, paliponse kuyesa ndi timabokosi toyesera tothamanga pa sikirini, kutijambula pa foni kuti ndione ngati palibe kolumphidwa. 75 mbee, osalumpha ngakhale kamodzi.

Anyamata a timu yathu akundidikira pa mahedifoni, malo a Kurtis tikuwasiyabe opanda munthu. Gord, mmodzi wa iwo, akuti, "Kodi a injiniya, tiitane ozimitsa moto?" Ndati khalani chete, pano pakulembedwa mbiri ya dziko.

76. Yaphethira kamodzi, chithunzi n'kubwera, choyera kuposa mano a mwana wa dokotala wa mano. Ndamuposa.

Ndatola foni kuti ndimuimbire, ndimuseke mpaka atukwane. Ndazindikira chala chili kale pa dzina lake.

Kabokosi kaja kali pakati pa sikirini, kakufunsa ngati tisunge. Masekondi akutsika.

Ndaika foni pansi. Ndakhalira manja.

Yaphethira, yabwerera pakale.

"Wafika pangati, katswiri?" Gord ameneyo.

"75 basi," ndatero. "Yakana kupitirira. Tiyeni tilowe."